Maluwa a ku Zomba sangapirire dzuwa la ku Salima

Chilimwe chino ndayenda m'makomo ambiri kuno ku Salima, ndipo paliponse ndikupeza timitengo touma titandandalika m'mbali mwa khonde, tina tikadali ndi pepala lakuda la kunazale kutsinde. Eni ake akuti anawagulitsa mbande zoipa. Mbandezo zinalibe vuto. Munagula ndi maso basi.

Munthu wapita ku Zomba kapena ku Thyolo, waona hydrangea wachita maluwa abuluu, aakulu ngati mutu wa kabichi, wanyamula. Waiwala kuti kumeneko n'kumapiri, kumazizira, mu Juni ndi Julaye kumagwa chiperoni, ndipo nthaka imasunga chinyezi. Kuno kunyanja mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Hydrangea amafuna mthunzi ndi madzi pafupipafupi. Rozi naye ndi mlendo wovuta: manyowa, kudulira, mankhwala a nsabwe. Inu mwamuika pamchenga, pamtetete, mvula isanagwe, mukuti akhala bwanji? Ndalama ya mbande yapita, ya minibasi yapita, ndipo amene muli ndi mpopi mudzaionera pa bilu ya madzi. Ndalankhula izi m'misonkhano mpaka mawu kusasa, koma chaka ndi chaka ndi yomweyo.

Mayi ena a m'dera langa ankatunga madzi kumjigo m'mawa ndi madzulo kuthirira marozi awo asanu, ana akudikira madzi osamba. Atachoka sabata imodzi kukakhuza maliro kumudzi, anapeza masamba onse ayoyoka, chiswe chamata dothi mpaka kunthambi. Anandiitanitsa. "Alangizi, palibe kamankhwala?" Ndinangowalozera kuseri, kumpanda wa anansi awo, komwe bougainvillea wosathiriridwa ndi wina aliyense anali atafiira psuu. Mtengo umenewu umachita maluwa kwambiri nthawi yowuma, ndipo ukauthirira mopitirira umangochulutsa masamba. Mayiwo anaseka, akuti ameneyo ndi wamba, ali paliponse. Ali paliponse chifukwa chiyani, mayi?

Tsono musanagule, yendani m'dera lanu mu Okutobala, muone chomwe chili chobiriwira pakhomo posasamalidwa, mupemphe nthambi. Bougainvillea, hibiscus ndi duranta zimaphuka ndi nthambi zodula. Aloe vera ndi lemongrass mumangogawa zitsinde, ndipo lemongrass mumwera tiyi. Vetiva mum'bzale pomwe madzi a padenga amakokolola dothi. Bzalani mu Disembala mvula ikakhazikika, thirirani chilimwe choyamba chokha, phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Nkhadze ndi mpanda wolimba, koma utomoni wake umawononga maso, choncho pakhomo pa ana aang'ono ayi. Lantana musam'bweretse n'komwe: mbalame zimamwaza njere zake mpaka kudambo, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala.