Kiyibodi ya kutchalitchi ingaperekeze chitoliro cha Baroque

Ngati mwagula chitoliro kapena vayolini ya mtundu wa Baroque (nyengo ya nyimbo za ku Ulaya ya m'zaka za 1600 mpaka cha m'ma 1750) kuti muziyimba nyimbo za opeka nyimbo a nthawiyo monga Telemann, Handel kapena Bach, mwina mwaona kale kuti siigwirizana ndi kiyibodi. Chida chanu sichinawonongeke ayi. Zida zambiri zoterezi amazitchuna pa A=415, kutanthauza kuti noti ya A imalira pa 415 Hz (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), pomwe kiyibodi ya masiku ano ili pa A=440.

Musavutike kufunafuna harpsichord, chida chakale chonga piyano chomwe chimaperekeza nyimbo zoterezi, mtengo wake ndi wa galimoto. Pa kiyibodi yamagetsi dinani batani la transpose, lomwe limatsitsa kapena kukweza manotsi onse pamodzi, muike pa -1. Basi. Woyimba kiyibodiyo aziwerenga manotsi monga alembedwera.

Zimatheka chifukwa mukaika pa -1, A imalira ngati noti ya G sharp, yomwe ili pansi penipeni pa A, ndipo G sharp imalira pa 415.3 Hz. Kusiyana kwake ndi 415 khutu silingakumve. Nyimbo za ku France za nthawi ya Lully magulu ambiri amaziyimba pa 392, pamenepo ikani -2. Za Monteverdi ena amazikweza kufika pa 466, ndiye +1.

Sankhani liwu la harpsichord ndipo phazi lichoke pa pedulo. Harpsichord ilibe pedulo yotalikitsa mawu, ndipo mukaiponda manotsi amasakanikirana ngati phala. Ine ndimazimitsanso touch response, yomwe imakweza mawu mukamenya kiyibodi mwamphamvu, poti harpsichord siikweza mawu kwenikweni ngakhale muimenye mwamphamvu.

Mukamaliza bwezerani pa 0. Ine ndinaiwala tsiku lina, Lamlungu kwaya yonse inayamba nyimbo motsika, amabesi akungondiyang'ana.