Kupereka Zinthu Zakale ku Myuziyamu: Zoyenera Kuchita Musananyamule Katoni

Phale la mbiya likachotsedwa pamene linapezeka popanda wolemba malowo, akatswiri sangaphunzirepo zambiri. Choncho yambani ndi kulemba. Pa chinthu chilichonse lembani malo enieni (manambala a GPS a pafoni ndi okwanira), kuya kwake m'nthaka m'masentimita, chaka, amene anachipeza, ndi zina zimene zinali pambali pake. Ngati ndi katundu wa makolo, lembani mwini wake woyamba, ntchito yake ndi mmene chinafikira kwa inu. Zithunzi zakale pitani nazo kwa achikulire akadali moyo akutchulireni mayina.

Musatsuke. Ambiri amawononga zinthu poganiza kuti akuzikongoletsa. Mwaye ndi zotsalira za chakudya m'mbiya zimapimidwa ku labotale kuti adziwe zimene ankaphikamo, ndipo sopo amachotsa zonsezo. Chitsulo chochokera m'nthaka musachipale kapena kuchipaka mafuta, chifukwa nthawi zambiri chitsulo chenichenicho chinadyeka kale, ndipo dzimbirilo ndi limene lasunga maonekedwe a khasu kapena mkondowo. Mkuwa ukamatulutsa ufa wobiriwira motuwa, ndiye kuti mchere wa m'nthaka ukuudyabe; uikeni pouma ndipo auzeni a myuziyamu msanga. Mapale osweka musawamate ndi guluu wamba. Akatswiri amamata ndi guluu wapadera wotchedwa Paraloid B-72, yemwe amasungunuka ndi mankhwala otchedwa acetone akafuna kumasulanso. Makala akulungeni mu foyilo ya aluminiyamu osawagwira ndi manja, kuti athe kuwayeza zaka ndi njira ya carbon-14.

Polongedza, za malo amodzi zikhale m'jumbo yakeyake, kapepala kofotokoza kali m'kati. Ziumitseni kaye pamthunzi ndipo jumboyo muiboole timabowo, apo ayi zichita nkhungu. Nyuzipepala ili ndi asidi ndipo inki yake imadetsa, choncho kulungirani m'pepala lopanda asidi. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa ya 2B, m'mphepete. Bolopeni, selotepi ndi kumata pulasitiki pamakalata ndi zoletsedwa.

Musangotulukira pakhomo ndi makatoni. Tumizani kaye mndandanda ndi zithunzi zojambulidwa rula ili pambali. Myuziyamu ya chigawo imatenga zinthu zofotokoza mbiri ya chigawocho, ndipo komiti yake ingakane ngati zofanana nazo ili nazo kale kapena malo osungira achepa. Adzafunsanso umboni wakuti zinthuzo ndi zanu. Kuchokera pa pangano la UNESCO la 1970 loletsa malonda ozembetsa zinthu zachikhalidwe, komanso malinga ndi malamulo a bungwe la ICOM (la mamyuziyamu a padziko lonse), myuziyamu siiyenera kulandira chinthu chimene chikukayikitsa mmene chinapezekera. M'mayiko ambiri zofukulidwa pansi zimatetezedwa ndi lamulo ndipo kukumba popanda chilolezo ndi mlandu. Mukapeza mafupa a munthu musawasunthe, dziwitsani apolisi.

Chikalata chosainirana chiwerengeni modekha. Mphatso ndi kubwereketsa n'zosiyana: mphatso sibwezedwa, ngakhale ana anu adzaifune, pomwe chobwereketsa chimakhala ndi tsiku lobweza. Ngati katunduyo ndi wa banja lonse, onse avomereze musanasaine. Kulamula kuti chinthucho chizionetsedwa nthawi zonse sikuthandiza, chifukwa zambiri zimakhala mosungira, ndipo nsalu ndi mapepala zimasuluka zikakhalitsa pa kuwala. Ufulu wosindikiza zithunzi ndi makalata ndi nkhani ina payokha, ilembedwenso m'chikalatamo.

Zikafika ku myuziyamu, zamitengo, zikopa ndi nsalu zimayamba zaikidwa pazokha, ndipo zokhala ndi tizilombo amazikulunga bwino n'kuziika mufiriji ya -20°C kwa sabata imodzi kapena kuposa. Ngati munaona timabowo ndi ufa wogwa pansi, nenani. Pomaliza tengani risiti ndi nambala ya m'kaundula, monga 2024.15.3, kutanthauza chaka, mphatso ya nambala 15 ya chakacho ndi chinthu chachitatu. Nambalayo ndi imene mudzatchule mukadzafuna kuchionanso.