Mwasintha mzere umodzi, Git ikuonetsa fayilo yonse

Miyezi ino ndakhala ndikuyendera timagulu ta a kwathu amene akupanga mawebusayiti kuno ku Johannesburg, ena ku Braamfontein ena ku Rosettenville, ndipo vuto ndi lomwelomwelo. Munthu wasintha mtengo wa katundu pa tsamba, mzere umodzi basi, koma pull request yake, pempho loti anzake aone ndi kuvomereza zomwe wasintha mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code), ikuonetsa kuti wagwira fayilo yonse. Gwero lake n'lakuti aliyense ali ndi malamulo akeake a kalembedwe mu VS Code, pulogalamu yolembera code. Uyu akufuna ma tab, uyo mipata iwiri, wina amaika semicolon, wina sayifuna n'komwe. Onse anayatsa format on save, yomwe imakonza yokha kalembedwe ka fayilo ukamaisunga, ndiye aliyense akasunga fayilo amafafaniza kalembedwe ka mnzake.

Zimafika poipa wina akakhala pa Windows. Windows imatseka mzere ndi chizindikiro chosaoneka chotchedwa CRLF pomwe Linux ndi Mac zimatseka ndi LF. Diso la munthu silisiyanitsa, koma Git imasiyanitsa mzere uliwonse.

Ndani angawerenge mizere mazanamazana yofiira ndi yobiriwira (yochotsedwa ndi yoonjezedwa) madzulo a Lachisanu? Palibe. Amangodina approve, cholakwika chenicheni n'kudutsa chitabisala pakati pa mipata. Tsiku lomwe webusayiti yagwa mukathamangira ku git blame kuti muone anasintha ndani, mupeza dzina la amene anangosunga fayilo komaliza, mwina mwana wophunzira ntchito amene sadziwa kanthu.

Mnyamata wina wa ku Ntcheu, amene amapangira mawebusayiti eni masaluni, anandifotokozera kuti anakumana ndi merge conflict yaitali (pomwe anthu awiri asintha mizere yomweyo, Git n'kufunsa kuti isunge ziti) usiku, tulo tili m'maso. Poganiza kuti ndi mipata chabe, anavomereza mbali yake yonse. Osadziwa kuti m'katimo munali zomwe mnzake anakonza pa fomu yosungitsira malo. Loweruka lonse makasitomala amadina batani koma uthenga osafika, ndipo mwini saluni anakana kumaliza kulipira. Mpaka pano awiriwo amaloza chala wina ndi mnzake.

Ndiye wina azindiuzabe kuti anazolowera ma tab kuyambira ku koleji. Abale anga, Prettier, pulogalamu yokonza kalembedwe ka code kuti kafanane kwa aliyense, inatuluka mu 2017. Kasitomala wanu salipira ma tab. Mkangano umenewu ukudya nthawi ya ntchito pomwe lendi ya ku Joni kuno sidikira munthu.

Chochita si chambiri. Ikani .prettierrc, fayilo ya malamulo a Prettier, mu repository momwemo (mosungira code yomwe nonse mumagawana), osati mu kompyuta ya munthu, ndipo Prettier muiike ndi --save-exact kuti nonse mukhale pa mtundu umodzi, chifukwa 3.0 itatuluka mu 2023 inayamba kuika chizindikiro cha koma (,) kumapeto m'malo momwe kale sinkaika. ESLint, pulogalamu yofufuza code, isiyireni kugwira zolakwika, za kaonekedwe muzizimitse ndi eslint-config-prettier, ndipo ngati muli pa ESLint 9 fayilo yake ndi eslint.config.js. Mu fayilo ya .gitattributes lembani * text=auto eol=lf kuti mizere yonse izitsekedwa ndi LF. Gwirizanani tsiku lomwe palibe branch yotsegula (ntchito ya munthu yomwe sinaphatikizidwe ndi code ya onse), yeretsani code yonse mu commit imodzi (kusunga kumodzi mu Git) yosasakaniza ndi china chilichonse, nambala ya commit imeneyo muilembe mu fayilo ya .git-blame-ignore-revs kuti blame iziilumpha; GitHub, webusayiti yosungirapo ma repository, imaiwerenga yokha. Pomaliza prettier --check ilowe mu CI, makina amene amayesa okha code iliyonse yobwera, kuti wobweretsa kalembedwe kake azibwezedwa ndi makina.