Musanagule kapeti, yambani mwayang'ana pansi pa nyumba yanu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kulowa m'thumba, ambiri kuno ku Kasungu timathamangira malata, mipando ya sofa, kenako kapeti. Pogulapo timatengeka ndi maso: maluwa ake akongola, mtundu ukugwirizana ndi makatani, basi tamanga panjinga. Koma choyamba kuganizira ndi pansi pamene kapetiyo ikayalidwe.

Ngati pansi ndi pozira, kapeti ya pulasitiki imene amadula pa mita ija isiyeni. Dothi limafuna mpweya. Mukaliphimba, chinyontho chimasowa kotulukira, ndipo mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale kunsiko kumachita chuku, chiswe n'kumayenda mwakachetechete mpaka kukafika ku miyendo ya kabati. Pamalo otere mphasa ya bango kapena mkeka wa mlaza ndiye zoyenera. M'mawa mwakulunga, mwasesa, tsiku lozira mwazira popanda chokutsekerezani. Tisamazione ngati za osauka. Alendo achizimayi ambiri amamasuka pamkeka kusiyana ndi pasofa.

Apansi pasimenti nanunso musafulumire. Tengani kapepala ka pulasitiki, mukayale pakona ya chipinda, mumate m'mbali monse ndi selotepi, mukasiye masiku awiri. Mukakachotsa n'kupeza timadontho kunsi kwake, kapena simenti yadera pamenepo, dziwani kuti madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Izi zimachitika kwambiri m'nyumba zoyandikana ndi dambo, komanso zimene amisiri sanayale pulasitiki yakuda asanathire konkire. Kuyesaku muchite nthawi ya dzinja, chifukwa mu Okutobala nyumba iliyonse imaoneka youma. Pansi potere polishi yofiira ndi kamkeka zikukwanirani.

Pakakhala pouma ndi posalala, ya pulasitiki ndi yabwino m'nyumba ya ana aang'ono: phala likatayika, mkodzo ukagwa, mumangokolopa. Sankhani yochindikala. Yopyapyala imayamba kung'ambika pakhomo ndi pamene pamaponda miyendo ya mipando, ndipo kamwala kamodzi kotsalira kunsi kamaiboola. Zigamba za simenti yokumbika mutseke musanayale.

Nkhani yaikulu ili pa kapeti yaubweya. Imafunda bwino kumapazi mu Juni ndi Julaye mwera ukamaomba, izi sindikana. Koma taganizani za fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Lonselo limakalowa mu ubweyamo, ndipo tsache limangochotsa lapamwamba. Ngati mulibe makina okoka fumbi, yodzaza chipinda chonse musagule, makamaka ngati pakhomo pali wodwala mphumu kapena mwana wokwawa. Gulani yapakati pokha, yoti munthu mmodzi aikulunge, akaikoleke pachingwe ndi kuikuntha ndi ndodo Loweruka lililonse. Yaubweya waufupi, wolukidwa mothina, ndiye yosavuta. Ija yaubweya wautali imabisa nyenyeswa, ndipo mukaichapa imatenga masiku kuti iume. Zambiri zotsika mtengo ndi za ulusi wa pulasitiki kapena nayiloni: sizimwa madzi kwambiri, koma khala limodzi lothetheka pa mbaula limasungunula bowo losakonzeka. Yaubweya weniweni wa nkhosa siisungunuka choncho, kungoti ndi yodula, komanso njenjete zimaikonda. Yoyera mbee isiyireni m'sitolo momwemo. Yofiirira kapena yamawangamawanga imabisa dothi la kumapazi.

Ya pa kaunjika muitembenuze, muone kumsana kwake ngati sikukufumbutuka, muinunkhize, mufufuze m'mphepete ngati mulibe nsikidzi kapena nthata. Mukafika nayo kunyumba isalowe tsiku lomwelo: ichapeni ndi sopo, iume padzuwa mbali zonse ziwiri.

Popita kumsika tengani chingwe chomanga mfundo, m'litali ndi m'lifupi mwa malo muyalepo, poti wogulitsa aliyense amati "ikwana iyi, bwana". Muyezenso mpata wa kunsi kwa chitseko, chifukwa kapeti yochindikala ikhoza kukupalitsani chitseko kwa kalipentala.