Makochi a matimu a ana, konzani mapepala a zaka ligi isanayambe

Anzanga amene mumayendetsa matimu a anyamata osapitirira zaka 17 m'maligi a m'madera, ndikugawireni ichi. Ife tinalandidwa mapointi atatu titapambana bwinobwino, chifukwa timu ina inadandaula kuti goloboyi wathu ndi wamkulu. Mwanayo anali ndi zaka 15 zokha, kungoti ndi wamtali, koma tinalibe pepala m'manja. Analira njira yonse pa lole pobwerera.

Tsopano mwana asanalembetsedwe, makolo amabweretsa setifiketi ya kubadwa ya ku NRB, nthambi ya boma yolembetsa anthu. Amene wakwanitsa zaka 16 akatenge chiphaso cha unzika. Ngati zonsezi palibe, funsani msanga komiti ya ligi ngati ingavomere khadi la kusikelo ndi kalata ya ahedi.

Ndimapanga mafotokope awiri. Imodzi imatsala kunyumba, inayo ndimaikutira m'pulasitiki n'kuika m'chikwama cha mayunifomu, kuti mvula ndi thukuta zisaiwononge. Ndimajambulanso pa foni n'kutumizira mlembi wa timu pa WhatsApp.

Wina akangoyamba kudandaula, mumatulutsa umboni pompo oimbira asanayambitse masewero, nkhani n'kuthera pabwalo pomwepo, osawononganso ndalama ya thiransipoti kupita kumilandu.