Mmene mungatetezere nsomba kuti zisawole nyengo ikamatentha

Madzi a m'nyanja yamchere akamafunda, nsomba zambiri zimatsikira kwakuya kapena kusamukira kutali ndi gombe. Ulendo wa msodzi umatalika, mafuta amapita ambiri, ndipo nsomba zimakhalitsa m'bwato dzuwa lili phwee. Phindu limathera pamenepa, katundu asanafike n'komwe pamsika.

Yambirani pa ukonde. Nsomba yofera mu ukonde m'madzi ofunda imayamba kuwola isanavuulidwe, choncho musausiye usiku wonse, muziwonjola pakangopita maola ochepa. Zikuluzikulu zitumbuleni pomwepo, muchotse matumbo ndi ziwalo zofiira zopumira za m'mutu. Tsukani ndi madzi oyera a pakati pa nyanja, osati a padoko pomwe pamatayidwa zinyalala.

Ngati ayezi alipo, kilogalamu 1 ya nsomba imafuna kilogalamu 1 ya ayezi. Muphwanyeni akhale tizidutswa, chifukwa chibuma chachikulu chimaziziritsa nsomba zokhazo zimene chakhudza. Yalani ayezi pansi pa bokosi, kenako nsomba, kenako ayezi, mpaka pamwamba. Bokosilo likhale ndi kabowo pansi kotulutsira madzi osungunuka. Nsomba yosungidwa pa madigiri 0 imatha sabata ndi kupitirira, koma pa madigiri 30 siifika tsiku lathunthu. Popanda ayezi, ikani nsomba pamthunzi ndipo muzifunditse chiguduli chonyowa.

Kuyanika ndiye kwavuta kwambiri masiku ano, poti mvula ikumagwa nthawi yomwe kale kunkakhala ng'amba. Nsomba zikuluzikulu zing'ambeni, muthire kilogalamu 1 ya mchere pa makilogalamu 3 a nsomba, zigone tsiku limodzi kapena awiri. Mchere umakoka madzi ndipo ntchentche siziikirapo mazira msanga. Yanikani pa thandala lotalika mita 1 kuchokera pansi, lokhala ndi ukonde pamwamba kuti mphepo izipita pansi ndi pamwamba. Pamchenga ayi: nsomba zimatola dothi ndipo ogula amatsitsa mtengo.

Pepala la pulasitiki lotchingira mvula likhale pafupi nthawi zonse. Ambiri amalakwitsa polifunditsa pansomba penipeni. Nthunzi imasowa kotulukira, nsomba zimafewa n'kuchita chuku. Likwezeni pamitengo ngati denga, m'mbali musiye mpata.

Mphutsi zikagwa, musapopere mankhwala ophera tizilombo m'munda, chifukwa amenewo amathera m'mimba mwa wodya. Chotsani zowonongekazo, zotsalazo muziwambe pamoto wa utsi. Nsomba youma bwino imakhala gwa, ndipo mukaikanikiza ndi chala sipatsala chibowo.