Opopera mbatatesi, chiwindi tichiteteze bwanji? Za chamwamba, adyo ndi mkaka uja

Kuno kwa Bembeke mvula ikangolimbikira ndi chifunga chija aliyense amakhala sipuleya kumsana, kupopera mankhwala a Dithane sabata ndi sabata poopa chiwawu, matenda owaula masamba a mbatatesi aja, kwinaku cypermethrin pa kabichi ndi matimati. Ndiye pamveka nkhani yoti ukamadya chamwamba ndi adyo mankhwalawa sangakuwononge chiwindi. Nkhaniyi ili ndi pomwe inachokera, koma tisanamizane.

Mankhwala akalowa m'thupi, kaya pakhungu, m'mphuno kapena m'kamwa, amakathera ku chiwindi, icho ndi chimene chimawaphwanya ndipo pogwira ntchitoyo chimavulala nacho. Akatswiri anayesadi zofinya kuchokera ku chamwamba, adyo, tameriki ndi chomera china chotchedwa milk thistle nkuona kuti chiwindi chikuwonongeka mocheperako, koma zambiri anayesera pa makoswe a mu labu. Inu si khoswe aise. Zomerazi zitengeni ngati chakudya chothandizira thupi basi, osati chishango choti muzisambira nacho mankhwala.

Chamwamba kumtunda kuno sichichita bwino chifukwa cha kuzizira, ine ndimaitanitsa kwa achibale ku Golomoti, ku Mtakataka ndi ku Bwanje nakonso chiliko chambiri. Tengani masamba okha, mizu ndi makungwa zisiyeni makamaka amayi oyembekezera. Tsukani, yanikani pamthunzi osati padzuwa, akauma mpaka kumathetheka m'manja sinjani nkusefa, ufawo musunge m'botolo lotseka bwino. Kasupuni kamodzi m'phala kapena mu ndiwo zitapsa kale, kwakwana. Adyo uja wodzadza pa Lizulu ndi pa Tsangano, mukamuswa musiyeni kaye mphindi zingapo musanamuponye mumphika. Koma za makapisozi a tameriki kapena mabotolo a "detox" ogula m'basi ine ayi, zinthu zoterezi zikakhala zamphamvu kwambiri zinavulazapo anthu chiwindi chomwecho, ndipo ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB yambani mwafunsa kuchipatala.

Tsono pamene pagona nkhani ndi poti mankhwalawo asalowe nkomwe. Ineyo ndinkasungunula Dithane ndi dzanja mu ndowa, mkono wonse chikasu mpaka m'chigongono, nozo, kamlomo ka sipuleya kotulukira mankhwala kaja, ikatseka ndinkaipemerera ndi pakamwa, kenako nkukhala pa mzere kumadya chimanga chootcha osasamba, madzulo mutu waang'alang'a nkumati ndi dzuwa. Musatero. Takasani ndi ndodo, nozo muzitsegula ndi kaudzu, valani majombo, malaya aatali manja ndi magolovesi a labala, osati a nsalu chifukwa amamwa mankhwala nkumakusungirani pakhungu tsiku lonse. Poperani mmamawa mphepo isanadzuke ndipo izikhala kumbuyo kwanu. Sipuleya yodontha pamsana ija ikonzeni, msana wonyowa maola atatu ndi woipa kuposa zonse. Mukamaliza sambani ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha osasakaniza ndi za ana. Masiku odikira musanakolole amalembedwa pa lebulo, koma matimati ena timawaona pamsika ali mbuu ndi mankhwala, awo tsukani kwambiri.

Mkaka uja timamwa tikatha kupopera sutsuka poizoni, mwamva? Imwani ngati muli ndi njala. Choipitsitsa ndi kutsikira ku kachasu mukaweruka, chiwindi chomwecho chilimbane ndi mankhwala, chilimbanenso ndi mowa, mmawa mwake muonjezere Panado wambirimbiri wa matsire. Mtedza ndi chimanga za chuku nazonso zimadya chiwindi, zitayeni, musapatse ana kapena kuphikira mowa.

Pomwe zomera zimathandiza zenizeni ndi kuchepetsa kupopera kwa mankhwala ogula. Ombwe uja ena amati mthuthu, yanikani masamba pamthunzi, sinjani, 1 kilogalamu ya ufa mu malita 10 a madzi ndi kasopo pang'ono, zigone usiku umodzi, sefani ndi nsalu nkupopera madzulo. Pa nsabwe za nyemba ndi kabichi amagwira ndithu, pa chiwawu cha mbatatesi musadalire. Ndipo ameneyu ndi poizoni naye, amapha nsomba, sipuleya musakatsukire mumtsinje, komanso samwedwa.

Munthu akayamba kutuluka dovu, thukuta lambiri, kusanza, kubanika kapena timaso takuda tija kuchepa ngati kansonga ka singano atapopera mankhwala ophera tizilombo ngati Dimethoate, osamusanzitsa, osamumwetsa mkaka kapena chamwamba. Mvuleni zovala zonyowazo, mtsukeni ndi madzi ambiri, kabaza kapena njinga yamoto mpaka kuchipatala chapafupi, botolo la mankhwalawo mutenge kuti adokotala aone dzina. Maso akamachita chikasu, mkodzo kuda ngati tiyi wopanda mkaka kapena kupweteka pansi pa nthiti zakumanja, pitaninso mukapemphe akuyezeni magazi a chiwindi, ndipo muwauze kuti mumapopera chani komanso kangati pa sabata.